KHANSA YA M'MIMBA: CHIDINDO CHACHING'ONO CHIMENE CHIMASOKONEZA THUPI

Pa 3 June 1963 Papa Yohane XXIII anamwalira ndi khansa ya m'mimba, pasanathe miyezi 8 chitsegulireni Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa Vatican. Matenda amenewa sanaleke kupulula anthu. Bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linawerengera kuti m'chaka cha 2022 anthu pafupifupi 970,000 anapezeka nawo pa dziko lonse, ndipo pafupifupi 660,000 anamwalira. Pakati pathu munthu akayamba kuwonda ndi kusanza chakudya, ambiri amathamangira kunena kuti wadyetsedwa kanthu. Kodi m'thupi mwake mumakhala mutachitika chiyani kwenikweni?

Tikamati khansa ya m'mimba pano tikunena za chifu, thumba lija limene limalandira ndi kugaya chakudya. Khoma la chifu, monganso ziwalo zonse, linapangidwa ndi tizigawo tosaoneka ndi maso totchedwa maselo. M'kati mwa selo lililonse muli antchito zikwizikwi, ndiwo mapuloteni. Ena amamanga, ena amalondera, ena amanyamula uthenga wakuti selo ligawikane kapena lileke.

Koma puloteni ikapangidwa siiyamba kugwira ntchito mwachisawawa. Akatekisiti mukudziwa kuti kalata yosamukira ku parishi ina, ngakhale ilembedwe bwino motani, siilandiridwa ngati ilibe chidindo. Momwemonso selo limadinda mapuloteni ake pomatapo kanthu kakang'ono, ndipo kanthuko ndiko kamanena zimene puloteniyo ichite. Chidindo chodziwika kwambiri ndi fosifeti: akamatidwa, puloteni imayamba kapena kuleka ntchito, akachotsedwa imabwerera mwakale. Edmond Fischer ndi Edwin Krebs analandira mphoto ya Nobel mu 1992 chifukwa chotulukira zimenezi. Chidindo china ndi ubiquitin, chimene chili ngati chizindikiro chimene amaika pa mtengo woti udulidwe: puloteni yodindidwa nacho kambirimbiri imakaphwanyidwa. Aaron Ciechanover, Avram Hershko ndi Irwin Rose ndiwo anachifotokoza, nalandira Nobel mu 2004.

Vuto limabwera pamene chidindo chagwera pa kalata yabodza. Mu 1982, mu mzinda wa Perth ku Australia, madokotala Robin Warren ndi Barry Marshall anakwanitsa kulera m'labotale kachilombo ka bakiteriya kamene kamakhala m'chifu, kotchedwa Helicobacter pylori. Anaonetsa kuti ndiko kamayambitsa zilonda zambiri za m'mimba, ndipo analandira Nobel mu 2005. Mu 1994 bungwe la IARC linakaika m'gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimadzetsa khansa.

Mitundu ina ya kachilomboka imabaya maselo a chifu ndi kulowetsamo puloteni yakeyake yotchedwa CagA. Selo, posazindikira kuti uyu ndi mlendo, limamata fosifeti pa CagA. Ikatero CagA imagwira puloteni ya selolo yotchedwa SHP2, imene ntchito yake ndi kupereka uthenga wakuti selo likule ndi kuyenda, ndipo imaisiya ili yoyaka nthawi zonse. Izi zinafotokozedwa mu 2002 ndi gulu la Masanori Hatakeyama ku Japan. Anapezanso kuti CagA ya tizilombo ta kum'mawa kwa Asia imagwira SHP2 mwamphamvu kuposa ya kumadera ena, chimodzi mwa zifukwa zimene akatswiri amapereka pofotokoza kuchuluka kwa khansayi ku Japan, Korea ndi China.

Choipa chinanso, CagA imachotsa mlonda pa khomo. Selo lili ndi puloteni yotchedwa p53, imene imaimitsa selo lowonongeka kuti likonzedwe, kapena kulilamula kuti life. CagA imachititsa kuti p53 idindidwe ndi ubiquitin ndi kuphwanyidwa. Tsono maselo olakwika amakhala moyo nachulukana. Zimenezi sizichitika tsiku limodzi. Kachilomboka kamalowa kawirikawiri munthu ali mwana, kudzera m'malovu, m'madzi kapena m'chakudya chosasamalika. Khoma la chifu limayamba kutupa, kenaka limapyapyala, maselo ake nasintha maonekedwe, ndipo pamapita zaka makumi angapo chotupa chisanaoneke. Anthu ochuluka amene ali ndi kachilomboka sadwala khansa konse. Kusuta fodya, mchere wambiri ndi mtundu wa kubanja zimakulitsa chiopsezo.

Kudziwa za zidindozi kwathandiza kupeza mankhwala. Pafupifupi wodwala mmodzi mwa asanu alionse amakhala ndi chotupa chodzala ndi puloteni yotchedwa HER2, imenenso imatumiza uthenga wa kukula pogwiritsa ntchito fosifeti. Kafukufuku wa ToGA, amene zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2010, anaonetsa kuti odwala otere akapatsidwa trastuzumab pamodzi ndi mankhwala ena a khansa ankakhala moyo miyezi 13.8, pamene opanda trastuzumab ankakhala miyezi 11.1. Phindulo ndi lenileni koma ndi lochepa, ndipo likutiphunzitsa kuti matendawa akakhwima ngakhale mankhwala odula sabweza zambiri. Mwayi waukulu uli m'zaka zija zimene chotupa chisanabadwe. Kachilomboka kamapezeka poyeza chimbudzi kapena mpweya wopuma, ndipo kamaphedwa ndi mankhwala amene dokotala amalemba, omwa masiku 10 mpaka 14. Dziko la Japan linayamba mu 2013 kulipirira chithandizo chimenechi kudzera mu inshuwalansi ya zaumoyo kwa anthu otupa chifu.

Choncho, Akhristu anzanga, makamaka inu akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati amene mumayendera odwala, mverani bwino madandaulo awo. Kupweteka kwa pamwamba pa mchombo kosatha, kukhuta msanga, kuwonda kosadziwika chifukwa, kusanza kawirikawiri kapena kusanza magazi, chimbudzi chakuda ngati phula ndi kuchepa kwa magazi ndi zizindikiro zofunika kuchipatala msanga. Kumangomwa mapiritsi oziziritsa m'mimba ogula pa okala kwa miyezi yambiri kumabisa matenda. Amene wapatsidwa mankhwala amalize onse, ngakhale atayamba kupeza bwino.

Tisalolenso kuti matendawa agawanitse mabanja. Agogo okalamba kapena mnansi wa pafupi sanaikemo kanthu m'mimba mwa wodwalayo, ndipo si chilango cha Mulungu. Tipemphere naye, tiitane wansembe adzampatse Sakramenti la Kudzoza Odwala, ndipo mphakati usonkhe ya ulendo kuti akaonane ndi dokotala nthawi ikadalipo.