Laputopu ikuzima yokha pa High Performance? Iyezeni musanaigulitse

Nkhaniyi ndi ya inu amene geni yanu ndi yooda malaputopu ogwiritsidwapo kale ntchito kuno ku Joni, kugulitsa konkuno kapena kutumiza kumudzi. Pali dandaulo limodzi lomwe likudya mpamba wa ambiri. Laputopu mwaiyatsa pa shopu, yayaka bwinobwino, kasitomala walipira. Patapita masiku atatu, foni ija: "Bwana, chinthu chanu chija chikungozima chokha." Mukafunsitsa mupeza kuti mwiniwake, kapena mwana wa m'nyumbamo, wasintha power plan n'kuika pa High Performance kuti izithamanga.

Ambiri timangomuuza kuti abwezere pa Balanced, nkhani n'kuthera pomwepo. Nthawi zina imasiyadi kuzima, koma nthenda ija imakhala ikadali m'kati.

Chimachitika n'chiyani kwenikweni?

Pa Balanced, purosesa imatsitsa liwiro ntchito ikachepa, n'kukwera ikafunika. Pa High Performance, Windows imaisunga pa liwiro lapamwamba pafupifupi nthawi zonse ikakhala pa tchaja, ndipo imalumphira msanga pa liwiro loonjezera lija a Intel amati Turbo Boost. Liwiro likakwera, purosesa imakoka magetsi ambiri ndipo imatentha kwambiri. Pa Windows 11 zofanana ndi zimenezi muzipeza pa Power mode, pomwe alemba Best performance.

Zili ngati minibasi yomwe imayenda bwino m'tauni, koma ikadzaza n'kuyamba kukwera mtunda wochokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre, injini n'kuwira. Mtundawo wangoulula kuti radiyeta inali yofooka kale. Laputopu yabwinobwino siyenera kuzima pa High Performance. Mapurosesa ambiri a Intel akafika pafupi ndi madigiri 100 amadzichepetsera okha liwiro kuti azizire. Ndiye ikazima, pali china chake chomwe chalephera, ndipo ntchito yathu ndi kuchipeza.

1. Yambani mwafunsa kuti ikufa bwanji

Ikangozima phee ngati wazula pulagi, ganizirani kutentha kapena magetsi. Ikaonetsa sikirini ya buluu, kapena yakuda pa Windows 11 yatsopano, muuzeni kasitomala ajambule mawu omwe ali m'munsiwo. WHEA_UNCORRECTABLE_ERROR ndi CLOCK_WATCHDOG_TIMEOUT nthawi zambiri amaloza ku purosesa, kutentha kapena magetsi osakwanira. MEMORY_MANAGEMENT amaloza ku RAM. Mukaona dzina lothera ndi .sys, yambani ndi dalaivala ameneyo.

Laputopu ikakhala m'manja mwanu, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani perfmon /rel. Itsegula Reliability Monitor, yomwe imaonetsa masiku omwe makinawo anagwa. Izi muzichita ngakhale pooda, ngati wogulitsayo sanafufute Windows yakale. Mu Event Viewer mudzaona Kernel-Power 41. Isakuopseni, imangonena kuti laputopu inazima mosayenera, sinena chifukwa chake.

2. Kutentha

Apa ndi pomwe pagona malaputopu ambiri akale. Ikani HWiNFO kuti muziona madigiri, kenako muithamangitse ndi Cinebench kapena OCCT kwa mphindi 20 mpaka 30, ili pa tchaja komanso pa High Performance. Ikamasewera pa 80 mpaka 90 ikugwira ntchito yolemetsa, musadandaule. Koma ikalumphira pa 95 kapena 100 m'masekondi ochepa chabe, fani ikulira ngati chigayo koma mphepo yotuluka ili yochepa, dziwani kuti m'kati mwatsekeka fumbi kapena thermal paste yauma.

Tsegulani, chotsani batire kaye, kenako chotsani fumbi lomwe limaundana ngati thonje pakati pa fani ndi timazenera totulukira mphepo. Mukamapemerera ndi blower gwirani fani ndi chala isazungulire mopyola muyeso. Pukutani paste yakale ndi isopropyl alcohol, ikani yatsopano yochepa ngati njere ya mpunga, ndipo masikuruu a heatsink muwamange motsatira manambala omwe alembedwa pambali pake. Sikuruu imodzi yosamanga bwino ndi yokwanira kubweretsa vuto lonseli.

Kumbukiraninso nyengo. Laputopu yomwe mwaiyeza ku Johannesburg mu June, kukuzizira, ikhoza kukathera ku Nsanje mu October komwe kumatentha kupyola madigiri 40, n'kumakaigwiritsa ntchito pa matiresi. Ngati kuno ikungopulumuka pang'ono pa 97, kumeneko sikalimba.

3. Tchaja ndi batire

Tikaoda malaputopu opanda tchaja timathamangira yotchipa, bola mutu walowa. Werengani pansi pa laputopu kapena pa tsamba la kampani yake kuti imafuna mawati angati. Pa tchaja chulukitsani mavolti ndi ma amp: 19.5V ndi 3.34A ndi mawati 65, pomwe 19.5V ndi 4.62A ndi mawati 90. Makina ofuna 90 kapena 130 mukawapatsa 65, pa ntchito zopepuka ayenda, koma mukawalemetsa ayamba kuchedwa, kudya batire ali pa tchaja, ena mpaka kuzima. Ndipo matchaja achinyengo amalemba 90 pamwamba, m'kati mulibe mphamvu imeneyo. Matchaja ambiri a Dell ndi HP a mutu wozungulira ali ndi kasingano pakati komwe kamauza laputopu mphamvu ya tchaja. Kakathyoka, laputopu siizindikira tchaja ndipo imadzichepetsera liwiro.

Batire nalo lili ndi mbali yake, chifukwa malaputopu ambiri amatapako mphamvu ku batire purosesa ikakoka magetsi modzidzimutsa. Tsegulani Command Prompt, lembani powercfg /batteryreport, muyerekeze Design capacity ndi Full charge capacity. Likatsala ndi mphamvu yosafika theka, lerengereni ngati lofunika kusintha pokambirana mtengo. Mayeso ake ndi osavuta: ikamazima pa batire pokha, vuto ndi batire, ikamazima pa tchaja pokha, yesani tchaja ina yeniyeni ndipo muone ngati polowetsa pake sipakugwedera. Batire lotupa, lomwe layamba kukankha touchpad, lichotseni lero lomwe. Limenelo musalipakire n'komwe m'katundu wopita kumudzi, likhoza kuyaka moto m'njira.

4. Zomwe mwiniwake wakale anasiya

Anyamata a magemu amakonda kuchepetsa mavolti a purosesa ndi mapulogalamu ngati ThrottleStop kapena Intel XTU kuti makina asamatenthe. Akachepetsa mopyola, laputopu imagwa liwiro likasintha mwadzidzidzi, ngakhale madigiri ali otsika. Mukaona mapulogalamu amenewa achotseni, lowani mu BIOS mubwezere zonse pa default, ndipo chabwino koposa ikani Windows yatsopano. BIOS ndi madalaivala a chipset komanso a graphics muzitenga pa tsamba la kampani yomwe inapanga laputopuyo. Chonde, musayambe update ya BIOS batire lili lofooka magetsi ali osadalirika. Akathima pakati pa ntchitoyo, makina akhoza osayakanso.

5. RAM

Ambirife timaonjezera RAM kuti mtengo ukwere, n'zabwino. Koma RAM yozula m'makina ena ikhoza kukhala yodwala kapena yosagwirizana ndi inzake. Ikani MemTest86 pa flash, muisiye imalize maulendo ake anayi, ngakhale zitenge usiku wonse. Cholakwika chimodzi chokha n'chokwanira kuikayikira. Kenako yesani imodziimodzi kuti mupeze yolakwayo.

Nanga nkhani ya 99 ija?

Ambiri munamvapo. Pitani ku Control Panel, Power Options, Change plan settings, Change advanced power settings, Processor power management, pa Maximum processor state muike 99 m'malo mwa 100. Pa malaputopu ambiri izi zimazimitsa Turbo Boost, makina n'kuzizira. Ngati njira yofufuzira ndi yabwino kwambiri: ikasiya kuzima pa 99, mwadziwa kuti vuto limabwera purosesa ikakoka mphamvu zambiri, ndiye bwererani ku kutentha, tchaja ndi mavolti. Koma kuika 99 mwakachetechete n'kugulitsa pa mtengo wa makina abwino, kumeneko ndi kuphimba bala ndi nsalu. Purosesa ija yataya gawo lalikulu la liwiro lomwe kasitomala walipirira, ndipo tsiku lomwe adzaike Windows yatsopano, 99 ija idzachoka, vuto lidzabwerera.

Mwapukuta, mwasintha paste, tchaja ndi yeniyeni, RAM yakhoza mayeso, koma WHEA ikubwerabe? Pamenepo vuto lili pa motherboard kapena pa purosesa yeniyeniyo, yomwe pa malaputopu ambiri a masiku ano ndi yowotcherera pa bodi. Werengani ndalama zanu musanapite kwa wokonza. Nthawi zina phindu lili pogulitsa sikirini, kiyibodi, SSD ndi RAM padera. Mukafuna kuigulitsa yathunthu, tsitsani mtengo ndipo muuzeni wogulayo momveka kuti imayenda pa 99 pokha.

Inu ogulitsa konkuno ku South Africa dziwaninso kuti Consumer Protection Act, gawo 56, imapatsa wogula miyezi 6 yobweza katundu wolakwika kuti akonzedwe, asinthidwe kapena abwezeredwe ndalama, ndipo imakhudzanso katundu wakale wogulitsidwa ngati bizinesi. Chomwe chimakutetezani ndi kumuuza vutolo mwatchutchutchu iye n'kuvomera, ndiye lembani pa lisiti. Kwa otumiza kumudzi chilango chake ndi china: laputopu yobwerera imalipira transipota kawiri, ndipo mbiri yoti "uja amagulitsa zakufa" imafika m'magulu a WhatsApp inu musanadzuke.

Choncho laputopu iliyonse, isanalowe m'katoni, ipatseni mphindi 30 pa High Performance ndi tchaja yomwe ipite nayo. Jambulani madigiri a pa HWiNFO ndi lipoti la batire, mutumizire kasitomala. Ikakhoza, ibwezereni pa Balanced, chifukwa kwa wa Word, Zoom ndi YouTube imeneyo ndi yokwanira. Amene muli ndi makina omwe akukuvutani panopa, lembani m'munsimu mtundu wake, mawati a tchaja, madigiri omwe ikufika ndi mawu a pa sikirini ya buluu, tithandizane.