Ndakatulo za cikondi: ana athu aloweza, koma kodi akumva?

Mitengo ya jakaranda ikayamba kucita maluwa m'misewu ya Lusaka, kholo lililonse lidziwa kuti mayeso a Giredi 12 ali pakhomo. Kuno ku Roma timaona anyamata ndi atsikana, ena ocokera ku Ng'ombe ndi Kalundu, atakhala pansi pa mitengo ya pa parishi, mapamfuleti ali m'manja, milomo ikugwedera ngati akunena korona. Tsiku lina tinawayandikira kuti timve cimene anali kuloweza. Anali mayankho a mafunso a ndakatulo zokamba za cikondi ndi banja.

Tinafunsa mnyamata wina kuti, "Mwana wanga, ndakatuloyo waiwerenga?" Iye anati, "Iyai acikatekisiti, ni itali maningi. Manotsi ali na zonse."

Ndakatulo imene anali kuithawa ndi Song of Lawino ya Okot p'Bitek, mlembi wa ku Uganda wobadwira ku Gulu mu 1931, amene anamwalira mu 1982. Anayamba kuilemba m'ciyankhulo ca kwao ca Acholi, ndipo ya m'Cingelezi inatuluka ku Nairobi mu 1966. Ife tinakumana nayo ku seminale, komwe bambo wotiphunzitsa anali kutiimiritsa mmodzimmodzi kuti tiiwerenge mokweza. Panthawiyo tinali kunyinyirika, koma mau ake tikali kuwamva m'makutu mpaka lero.

Nkhani yake njosavuta. Lawino, mai wa kumudzi wosapita kusukulu, adandaula za mwamuna wake Ocol amene waphunzira kwambiri ndipo tsopano amunyoza, nakonda mkazi wa m'tauni dzina lake Clementine. Pamfuleti imene tinaona inangoti mutu waukulu ndi nsanje ndi kulimbana kwa miyambo. Sibodza, koma mwana akalemba zokhazo wasiya nyama natola fupa.

Nsanje ilipo, ndipo Lawino mwini saibisa akamanena za milomo yofiira ndi nkhope yopaka ufa ya mkazi mnzakeyo. Koma wowerenga bwino aona kuti maiyu sakaniza mwamuna wake kukhala ndi mkazi wina, popeza mitala inali mwambo wa kwao. Cimene cimuwawa ndi cipongwe. Ocol atukwana iye, atukwana apongozi, alendo ndi abale salandiridwa pakhomo, ndipo kulira kwa ana kumusokoneza pa mabuku ake. Ngakhale mbale wake weniweni sayankhulana naye cifukwa ali m'zipani zosiyana za ndale. Kodi zimenezi nza ku Uganda kokha? Tonse tidziwa nyumba za ku Kabulonga kapena Woodlands kumene agogo ocokera ku Katete amagonekedwa kukanyumba ka kuseri kuti alendo asawaone.

Tivomere kuti ndakatuloyi imatilasa ngakhale ife a nchito ya katekisimu. Lawino asimba mmene anapitira ku maphunziro a madzulo, kumene ophunzira anali kungobwereza mau osawamva, ndipo mafunso ake panalibe wowayankha. Tikaona ana athu akuloweza manotsi, manyazi amatigwira, pakuti matendawo ndi amodzimodzi.

Mayeso a Examinations Council of Zambia sali ofunsa dzina la mutu cabe. Mwana ayenera kuonetsa mmene mlembi waumangira mutuwo, ndi umboni wocokera m'ndakatulo momwemo. Conco tinauza anawo kuti pa ndakatulo iliyonse, kaya ya Cingelezi kaya ya Cinyanja, ayambe afunsa kuti akuyankhula ndani, ndipo akuuza yani. Lawino nthawi zina auza mwamuna wake, nthawi zina atembenukira kwa anthu a mtundu wake, monga mai wotula mlandu kwa ankhoswe. Akadziwa zimenezo afunsenso kuti amene wakhala cete ndani. Clementine sapatsidwa mpata ngakhale pang'ono. Timamuona ndi maso a mkazi womuda. Ocol anayembekeza mpaka 1970, pamene p'Bitek anatulutsa Song of Ocol, kuti ayankhe. Ndipo mwana asalembe kuti mlembi ndiye akudandaula. Wolemba anali mwamuna wophunzira mpaka ku Britain, wofanana kwambiri ndi Ocol kuposa Lawino.

Za dzungu la pamudzi wakale, limene libwerabwera m'ndakatuloyi, ana obadwira m'tauni amalemba kuti litanthauza "mwambo" basi. Afunseni agogo ao. Adzawauza kuti dzungu limayanga pabwinja anthu atasamuka kale, ndipo wodutsa ndi njala amapulumukirapo.

Inu makolo, mabuku a mayeso amasintha, motero funsani aphunzitsi kuti caka cino akuwerenga ati. Mukawapeza, lolani mwana akuwerengereni mokweza madzulo, ngakhale Cingelezi canu cili copelewera. Akumasulireni m'Cinyanja, inu mumufunse ngati maiyo akunena zoona. Ambiri timaopa, cifukwa nkhani za cikondi tinazisiyira alangizi, ndipo zina zimene mwana angafunse zikhudza nyumba yathu yomwe.

Loweruka lotsatira tinasonkhanitsa ana khumi ndi awiri m'holo ndi kuwerenga cigawo coyamba mosinthana. Mtsikana wina wa ku Ng'ombe ataima pakati analephera kupitiriza, nakhala pansi. Anzake atatuluka anatiuza kuti atate ake anasamukira kwa mai wina ku Chelstone zaka ziwiri zapitazo, ndipo amai ake sanayankhulepo kanthu pamaso pa ana. Anafunsa ngati nkololeka kulemba pamayeso kuti Lawino akali kumukonda Ocol. Tinamuuza kuti apeze umboni. Patapita sabata anabwera atapinda tsamba lomaliza, pamene maiyo, pambuyo pa matukwano onse aja, apempha mwamuna wake kuti amulole amuvinire.