Chipsera cha pamkono chili ndi nkhani yake

Mukakhala pakhonde madzulo ano, tapindani malaya muone kumtunda kwa mkono wanu. Ambiri mupezapo kachipsera kozungulira, kakang'ono ngati njere ya nandolo. Kameneko ndi ka BCG, katemera wa chifuwa chachikulu yemwe mudabayidwa muli khanda. Mukatero pemphani agogo akuonetseni mkono wawo. Achikulire ena ali ndi chipsera china chokulirapo, chooneka ngati padagwera khala lamoto. Chimenecho ndi cha katemera wa nthomba, ndipo mwana aliyense wobadwa masiku ano sadzakhala nacho.

Nthomba idali nthenda yoopsa zedi. Mwa anthu 10 odwala, pafupifupi atatu ankamwalira, ndipo opulumuka ankatsala ndi mabowo kumaso, ena ankachita khungu. Mu 1796, dotolo wina wa ku England, Edward Jenner, adatsata zomwe alimi akwawo ankanena, zoti amayi okama mkaka amene adatengako zilonda za ng'ombe sankagwidwa ndi nthomba. Iye adatapa mafinya a zilondazo n'kutemera mnyamata wa zaka 8 dzina lake James Phipps. Patapita masabata angapo adamutemera nthomba yeniyeni, koma mnyamatayo sadadwale. Lero dotolo wochita zotere pa mwana wa eni akhoza kuona ndende, koma katemera adayambira pomwepo. Munthu womaliza kutenga nthomba kwa mnzake m'mudzi adapezeka ku Merca m'dziko la Somalia mu 1977, ndipo mu 1980 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidalengeza kuti nthendayi yatheratu.

Mawu akuti katemera ngathuathu. Amachokera ku kutema, monga momwe makolo ankatemera mphini n'kupakamo mankhwala. Mwina n'chifukwa chake ena amaganiza kuti m'jakisoni muja muli mankhwala omwe amakhala m'magazi moyo wonse, kudikira matenda. Si choncho ayi. Zomwe zimalowa m'thupi zimatha pakapita masiku kapena masabata. Chotsala ndi chikumbumtima cha thupilo.

Zimayenda motere. M'magazi mwathu muli maselo oyera, omwe a zaumoyo amakonda kuwatchula kuti asilikali a m'thupi. Kachilombo kachilendo kakalowa, asilikaliwa amayenera ayambe akadziwa maonekedwe ake, kenaka apange zida zoyenerana ndi kachilomboko basi, chifukwa chida cha chikuku sichigwira ntchito pa kafumbata. Ntchito imeneyi imatenga sabata imodzi kapena ziwiri. Nthawi yonseyo kachilomboko kamakhala kakuswana, ndipo mwana wofooka akhoza kutisiya zida zisanakwane.

Aliyense wochita malonda pamsika amadziwa kuti wakuba wachilendo amaba bwino tsiku loyamba. Akabweranso tsiku lina la msika, nkhope yake yadziwika, sapita patali asanagwidwe. Katemera amaonetsa thupi nkhope ya wakubayo iye asanafike. Katemera wa chikuku, wa BCG komanso wa poliyo wa madontho uja amapangidwa ndi tizilombo tamoyo koma tofooketsedwa. Wa poliyo wa jakisoni ali ndi tizilombo takufa. Wa kafumbata alibe kachilombo n'komwe, muli poizoni wa kachilomboko wochotsedwa ululu, pomwe wa matenda a chiwindi ali ndi kachidutswa chabe ka chikopa cha kachilombo. Thupi limalimbana nazo ngati nkhondo yeniyeni, ndipo nkhondoyo ikatha pamatsala maselo ena okumbukira, omwe amatha kukhala zaka zambirimbiri. Kachilombo kenikeni kakadzabwera, amakazindikira msanga n'kukathetsa munthu asanagone pamphasa.

Kutentha thupi komwe mwana amakhala nako usiku wa tsiku la jakisoni, kulira ndi katupa ka pantchafu paja, n'zizindikiro zoti asilikali ali pantchito. Kawirikawiri zimatha pa tsiku limodzi kapena awiri. Zikapitirira, kapena mwana akakomoka ngakhale kukana kuyamwa, musachedwe, thamangirani naye kuchipatala.

M'dziko muno ndondomeko yotemera ana onse idakhazikitsidwa mu 1979, ndipo kuyambira pamenepo khadi la kusikelo lakhala likudzaza. Mu 2002 kudabwera jakisoni mmodzi woteteza ku matenda asanu, kuphatikizapo kafumbata, chifuwa chokoka mtima ndi matenda a chiwindi. Katemera wa chibayo adafika mu 2011, wa kutsegula m'mimba mu 2012, ndipo mu 2019 atsikana a zaka 9 adayamba kulandira woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero. Mwana amayamba ndi BCG ndi madontho a poliyo akangobadwa, n'kubwereranso pa masabata 6, 10 ndi 14. Mpaka apa amayi ambiri salephera, pakuti mwana akadali wapamsana ndipo sikelo ndi malo ochezerapo ndi anzawo.

Vuto limayamba mwana akayamba kukwawa. Katemera wa chikuku amaperekedwa pa miyezi 9, wachiwiri pa miyezi 15. Pofika apo mayi wabwerera kale pa benchi yake ya tomato, kumunda kukufunika anthu, mwana akuyenda yekha ndipo akuoneka wathanzi. Tsiku la sikelo likagundana ndi la msika, wopambana amadziwika. Ndipo tisanamize amayi okha. Ndi abambo angati amene amadziwa pomwe pali khadi la mwana wawo?

Funso lomwe ambiri amafunsa n'lakuti, ngati chikuku n'choopsa chotere, bwanji osabaya mwana akangobadwa? Yankho lili kwa mayi. Mwana amabadwa ndi zida zobwereka zomwe adalandira ali m'mimba. Zidazi zimamuteteza miyezi yoyambirira, komanso zimapha katemera wa chikuku thupi lisanaphunzire kanthu. Pa miyezi 9 zimakhala zatha mwa ana ambiri, koma osati onse. N'chifukwa chake mwa ana 100 obayidwa pa msinkhuwu, pafupifupi 85 ndiwo amatetezeka. Ena 15 aja khadi lawo limasonyeza kuti adalandira, koma thupi silidagwire. Jakisoni wachiwiri, yemwe adalowa m'ndondomeko yathu mu 2015, ndi wa ana amenewa, ndipo palibe mayi angadziwe poyang'ana ngati wake ali m'gulu la 85 kapena la 15.

Tsono onkhetsani ana 15 a chaka chino ndi a chaka chatha, muwonjezere amene sadapite n'komwe. Pakatha zaka zingapo amakhala khamu. Ndi zomwe zidationekera mu 2010, pomwe chikuku chidabuka dziko lonse titayamba kuchiiwala. Anthu oposa 134,000 adadwala ndipo oposa 300 adamwalira. Sadali makanda okha, ana asukulu ndi achinyamata ambiri adagona nawo m'zipatala. Chaka chimenecho kudamvekanso za mabanja a zipembedzo zina omwe ankabisa ana awo a zaumoyo akafika m'mudzi.

Chikuku sichichita nthabwala pofala. Wodwala mmodzi akhoza kupatsira anthu 12 mpaka 18 ngati onsewo alibe chitetezo, ndipo kachilombo kake kamatha kutsala mumpweya wa m'chipinda mpaka maola awiri wodwala atatuluka. Taganizani za minibasi yodzaza, kalasi ya sitandade 1, kapena tchalitchi Lamulungu m'mawa. Mwana akachira, chikuku chimasiya chitafufuta zina mwa zomwe thupi linkakumbukira za matenda ena, choncho chibayo ndi kutsegula m'mimba zimamupeza ali pambalambanda. Kuti nthendayi isowe podutsa, pamafunika kuti anthu 95 mwa 100 alionse akhale otetezeka. Apo kachilombo kakafika pamudzi kamagunda khoma mbali zonse, ndipo khanda la miyezi inayi lomwe silinafike pobayidwa limapulumukira pa ana a anansi. Mutu umodzi susenza denga, adatero akuluakulu, ndipo pa chikuku mawuwa ndi masamu enieni.

Kafumbata yekha ndiye salabadira za anansi. Kachilombo kake kamakhala m'dothi ndi m'ndowe, n'kulowera pabala kapena pamchombo wa khanda wodulidwa ndi lezala lakuda. Mudzi wonse utabayidwa, wosabayidwayo amakhalabe pangozi. N'chifukwa chake amayi oyembekezera amalandira jakisoni wake kusikelo, kuti zida zawo zitsikire kwa mwana.

Poliyo naye adatikumbutsa kuti matenda alibe chiphaso. Mu Ogasiti 2020 Africa idalengezedwa kuti yathana ndi poliyo wachilengedwe. Mu Febuluwale 2022 boma lidalengeza kuti mtsikana wa zaka zitatu ku Lilongwe wapuwala ndi nthendayi, koyamba m'dziko muno kuchokera mu 1992. Ofufuza adapeza kuti kachilomboko kadali ka mtundu womwe unkazungulira ku Pakistan. Chaka chomwecho ana ena adapezeka nako m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Ambiri mukukumbuka alangizi a zaumoyo akuyenda khomo ndi khomo ndi mabokosi ozizira, kudonthezera ana m'kamwa n'kuwapaka inki pachala. Ena adadandaula kuti abwera kambirimbiri, koma mu 2024 mliriwo udalengezedwa kuti watha.

Chilungamo chake, si katemera aliyense amene amatseka khomo lonse. BCG amateteza bwino ana ku chifuwa chachikulu choopsa chija chogwira ubongo, koma wamkulu wa chipsera akhoza kudwalabe TB ya m'mapapo. Chimodzimodzi katemera wa malungo, yemwe Malawi idakhala dziko loyamba padziko lonse kuyamba kumupereka kusikelo, pa 23 Epulo 2019, Ghana ndi Kenya zikubwera pambuyo. Malingana ndi WHO, m'madera momwe adaperekedwa m'maiko atatuwa imfa za ana a msinkhu wolandira zidatsika ndi 13 pa 100 alionse. Amenewo ndi ana ambiri, koma udzudzu ukadalipo ndipo neti isapindidwe. Katemerayu amabayidwa kanayi, pa miyezi 5, 6, 7 ndi 22, ndipo wotsirizayo ndi amene amaiwalika.

Kwa amene mwatsegula khadi n'kupeza mabokosi ena ali osalembedwa, musaope kuti akakukalipirani kapena kuti mwana akayambiranso poyamba. Thupi siliiwala zomwe lidaphunzira kale, choncho amangopitiriza pomwe adalekezera. Chimfine kapena kutsegula m'mimba pang'ono si chifukwa chojombera, ndipo m'zipatala za boma katemera wa ana salipiritsa. Khadi likatayika kapena kunyowa ndi mvula, pitani naye mwanayo kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, mukamuuze mwezi womwe adabadwa ndi malo omwe adabayitsa komaliza.