Fayilo ya lock si zinyalala, musaifufute

Mwezi wathawu anyamata a pakampani ina anandiitana kuti ndikaone sisitimu yawo. Lachisanu inkayenda bwinobwino, Lolemba ataiikanso pa seva inakana kudzuka, chonsecho palibe amene anakhudza code. Abwana awo anali atagamula kale mlandu: wolakwa ndi npm, choncho ntchito yonse ilembedwenso mu Python. Nditayang'ana ndinapeza kuti wina anachotsa fayilo ya package-lock.json mu Git, momwe amasungiramo code yawo, ati ndi yaitali, yosawerengeka ndipo imangoyambitsa mikangano akamaphatikiza code. Zinandipweteka mtima, chifukwa bodza limeneli ndalimva kambirimbiri: lakuti fayiloyi ndi zinyalala, ndipo zinthu zikasokonekera ndiye kuti chida n'choipa.

Ndiyambe ndi kufotokozera amene sali m'ntchitoyi. Palibe wolemba mapulogalamu amene amalemba zonse yekha. Timatenga zidutswa za code zimene ena analemba kale, zomwe timazitcha ma package, ndipo chida chokazitenga pa intaneti n'kuziika m'malo mwake ndicho package manager. JavaScript ili ndi npm, Python ili ndi pip, Ruby ili ndi Bundler, PHP ili ndi Composer, Java ili ndi Maven, Rust ili ndi Cargo.

Vuto limayambira apa. Package imene mwaitana imadaliranso ena, nawonso amadalira ena, moti mukapempha asanu amatha kubwera mazanamazana. Komanso kawirikawiri simutchula version yeniyeni. Mu npm mukalemba ^1.4.0 ndiye kuti mwavomera iliyonse kuyambira 1.4.0 bola isafike 2.0.0. Mwini package akatulutsa yatsopano Loweruka usiku, amene aika pulogalamu yanu Lolemba alandira code yosiyana ndi imene munayesa Lachisanu. Mndandanda wanu wa ma package, umene mu npm ndi package.json, uli ngati kapepala kotumira mwana kugolosale, kongoti sopo, mafuta, shuga. Fayilo ya lock ndiyo lisiti: imalemba chenicheni chimene chinabwera, version yake, kumene chinachokera, ndi hash, nambala yaitali imene imasintha code ikasinthidwa ngakhale chilembo chimodzi.

Amene amati fayiloyi ndi yachabechabe ayang'ane mbiri ya zidazi, aone kuti pafupifupi zonse zinafika pa mfundo imodzi. Bundler inali ndi Gemfile.lock kale mu 2010. Yehuda Katz ndi Carl Lerche, amene anagwira ntchito pa Bundler, ndi omwenso anayamba kulemba Cargo mu 2014, n'chifukwa chake Rust inakula ili ndi Cargo.lock. Ku JavaScript anthu anavutika mpaka Facebook ndi anzawo atatulutsa Yarn mu October 2016, yokhala ndi yarn.lock, ndipo chaka chotsatira npm 5 inabwera ndi package-lock.json. Python, imene abwana aja ankaiona ngati pothawirapo, ndiyo inachedwa kwambiri. Kwa zaka anthu ankadalira pip freeze, kenako Poetry ndi uv zinabwera iliyonse ndi fayilo yakeyake, ndipo mtundu umodzi wogwirizana, pylock.toml, unavomerezedwa mu 2025.

Sindikunena kuti zidazi n'zofanana. npm imalola ma version awiri a package imodzi kukhalira limodzi, n'chifukwa chake foda ya node_modules imanenepa n'kumadya bandulo ya intaneti mopanda chisoni. pip imalola version imodzi yokha pamalo amodzi, choncho ma package awiri akafuna zosiyana imakana, ndipo pulojekiti iliyonse imafunika malo akeake otchedwa virtual environment. Maven zikasemphana imasankha version imene ili pafupi ndi pulojekiti yanu pamndandanda wa zodalirana, lamulo limene limadabwitsa ambiri. Go, kuyambira 2018, inatenga njira ina: imasankha version yotsikitsitsa imene ikukwaniritsa zofuna za onse, osati yatsopano kwambiri, kenako go.sum imasunga ma hash. Ineyo ndimakonda Cargo, ndipo nzeru ya Go ndimaipatsa ulemu. Koma kusiya chinenero chimene antchito anu amachidziwa chifukwa cha package manager n'kuwononga ndalama, popeza chizolowezi choipa chimasamuka nanu.

Nkhani iyi si yongoopa kuti pulogalamu igwa. Mu 2018 mwini wa package ya npm yotchedwa event-stream anaipereka kwa munthu wosamudziwa amene anadzipereka kuisamalira. Munthuyo anatulutsa version yatsopano yobisa code yofuna kuba Bitcoin kwa ogwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa Copay. Amene analibe lock akanatha kuilandira osadziwa kanthu, pomwe amene lock yawo inalemba version yakale anakhalabe pa yakaleyo mpaka atasankha okha kusintha. Kusankha nokha nthawi yolandira code ya mlendo, ndiyo ntchito yonse ya fayiloyi.

Pali zimene singathe. Mu March 2016 Azer Koçulu, atakangana ndi npm pa dzina la package yake yotchedwa kik, anachotsa ma package ake onse, kuphatikizapo left-pad ya mizere 11 yokha, ndipo mapulojekiti akuluakulu monga Babel analephera kuikidwa. Lock singakubwezereni chinthu chimene chachotsedwa kunkhokwe ya ma package pa intaneti, ndipo npm inakhwimitsa malamulo ochotsera ma package zitachitika zimenezi. Komanso lock imakusungani pa version yakale ngakhale itapezeka ndi vuto lachitetezo, monga linapezeka mu package yotchedwa Log4j mu December 2021. Kutseka sikutanthauza kuiwala.

Tsono chochita n'chiyani? Ikani fayilo ya lock mu Git. Pa seva gwiritsani ntchito npm ci m'malo mwa npm install, chifukwa imatsata lock ndendende ndipo imakana ngati sikugwirizana ndi package.json. Mikangano ikabuka pophatikiza code, konzani mndandanda wanu kaye kenako chida chilembenso lock, musaikonze pamanja. Sankhani tsiku, mwina kamodzi pamwezi malinga ndi kukula kwa ntchito, lokweza ma version mwadala, muyese, muone zimene zasintha. Ngati mukulemba package yoti ena azigwiritsa ntchito nkhani imasinthako pang'ono, chifukwa lock yanu kawirikawiri sigwira ntchito kwa iwo. Koma ngati pulogalamu yanu ikusunga ndalama, malipiro kapena mayina a odwala, katsegulenitu Git lero lomwe muone ngati fayiloyo ilimo.