Mayi Wotaya Magazi Pochira Asaiwalike

Mayi akataya magazi ambiri pochira, kaya pa chipatala cha St Joseph ku Nguludi kaya kumudzi, abale amathokoza poona kuti wapulumuka. Komatu mlandu sunathe. Mu 1937 Dr. Harold Sheehan anaonetsa kuti kutaya magazi kotere kungathe kuwononga kachiwalo ka pansi pa ubongo kotchedwa pituitary, kamene kamatulutsa mahomoni okulitsa thupi. Munthu wamkulu akawasowa, mafuta amaunjikana pamimba, mitsempha ya magazi nkumatupa m'kati mwakachetechete. Ku Sweden mu 1990 madokotala anapeza kuti imfa za nthenda ya mtima ndi mitsempha pakati pa odwala pituitary zinachuluka pafupifupi kawiri kuposa mwa anthu ena. Chizindikiro choyamba nchakuti mkaka sutuluka, ndipo mayiyo sapitanso kumwezi. Pamudzi amangoti nkutopa kwa uchembere.