Njinga ya alamu yaphunzira kuima

Njinga ya alamu anga inali ndi zonse: magiya 21, matayala a mano akuluakulu, chishalo chofewa, ndi belu lomveka patali. Chimene inalibe ndi chimodzi chokha, kuima. Ukafinya mabuleki, zogwirira zonse ziwiri zinkafika mpaka pa hendulo, mphira n'kulira kuti tswiii, koma njinga n'kumangopitabe. Alamu ankaimika ndi mapazi, moti nsapato yawo ya kumanja inatha chidendene ya kumanzere ikadali yatsopano. Ana osewera mpira mumsewu akangomva kulira kwa mphirazo ankatola mpira wawo n'kuthawira m'mbali. Mlongo wanga anachita kulumbira kuti sadzakweranso.

Timakhala ku Nkaneng, mudzi wa nyumba zamalata woyandikana ndi Wonderkop, m'dera la migodi ya pulatinamu la Marikana, kum'mawa kwa Rustenburg. Anthu kwathu amalidziwa derali chifukwa cha tsoka la pa 16 August 2012, pamene apolisi anawombera ndi kupha ogwira ntchito mumgodi 34 pafupi ndi kaphiri kali m'mphepete mwa mudziwu. Koma amene amakhala kuno amalidziwanso ndi dothi lake. Ndi makande akuda ofanana ndi a ku Chikwawa. Chilimwe amasanduka fumbi, mvula ikagwa amasanduka ulimbo womata pa chilichonse. Ukatuluka m'matopemo umakalowa mumsewu wa tala, momwe mumadutsa matekisi, mabasi onyamula ogwira ntchito ndi malole a ku migodi imene kale inali ya Lonmin, yomwe Sibanye-Stillwater inagula mu 2019. Munthu wa njinga yosaima alibe mtendere mumsewu umenewo.

Alamu amagwira maganyu, ndipo njingayi, yomwe anagula kwa munthu, ndiyo miyendo yawo. Atatopa ndi kutha kwa nsapato anapita nayo m'tauni kukafunsa. Kumeneko anawauza kuti mankhwala ake ndi mabuleki a disiki. Koma felemu ya njinga yawo ilibe pomangirira mabuleki otero, ndipo mawilo ake alibe poika disiki. Kuti zitheke pankafunika mawilo atsopano, foloko yatsopano ndi zina zambiri, ndalama zoposa zimene anagulira njinga yonse. Anabwerera nkhope itagwa.

Ine ndinapalasako kabaza ku Salima ndisanabwere kuno ku Joni, ndiye nditaiyang'ana njingayo ndinangoseka.

"Alamu, njinga yanuyi sikudwala. Yangokhala nthawi yaitali osasamba."

"Inu alamu, uneneri mwayamba liti? Anthu a mashopu akuluakulu anena kale."

"Mundigulire mphira ziwiri, mawaya awiri ndi paipi yake. Ikakana kuima, nsapato ndikugulirani ndine."

Lamulungu m'mawa tinaigadabuza pakhomo. Mabuleki ake ndi a mtundu wa V-brake, aja a mikono iwiri yoima imene imapanikiza rimu uku ndi uku. Mabuleki amenewa ndi amphamvu ndithu. Mphamvu yake imangotayika pang'onopang'ono panjira yochokera pa chala kukafika pa rimu, ndipo ntchito yathu inali kuitolera pamalo alionse pamene inatayika.

Tinayamba ndi marimu. Matope, fumbi la mphira ndi oyilo wodontha kuchokera pa tcheni zinali zitamatirira ngati nkhoko mumphika wa nsima. Mphira singagwire pamalo oterera chotero. Tinatsuka ndi madzi ofunda ndi sopo wa mbale, kenako n'kupukuta ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti. Kansaluko kanada bii, ndipo alamu anayamba kukhala chete ataona kuti marimu awo ndi oyera mbee.

Mphira za kumbuyo zinali zisanathe, koma zinali zitauma n'kumanyezimira, ndipo munali mutalowa timiyala ndi tizidutswa ta chitsulo timene tinkapala rimu. Tinatokosola ndi msomali, n'kuzikwecha pa sandipepa mpaka kunyezimira kuja kutachoka. Za kutsogolo zinalibenso mizere, chitsulo chinali chitayamba kuonekera. Zimenezo tinataya n'kuika zatsopano.

Mawaya ndiwo anatiseketsa. Pousolola wa kumbuyo m'paipi yake, tinachita kukokerana anthu awiri, ndipo unatuluka wofiira ndi dzimbiri. Ndiye kuti mphamvu yambiri ya dzanja la alamu inkathera polimbana ndi dzimbiri, yofika ku mphira n'kukhala yochepa. Tinaika mawaya atsopano ndi paipi yatsopano, yodula mwa muyeso kuti isapindikepindike, n'kudonthezera oyilo pang'ono pa waya. Oyilo amathera pomwepo, asayandikire mphira kapena rimu.

Gwero la vuto lonse tinalipeza titazunguza wilo la kutsogolo. Linkayenda mopepeluka. Zikuoneka kuti mwini wake woyamba, pofuna kuti rimu yopindikayo isamakhule mphira, anamasula waya mpaka mphira zinatalikirana nayo. Kukhula kunatha, mabuleki nawonso anathera pomwepo. Tinabwereka kasipanala ka masipoko kwa mnzathu wa ku Mozambique. Rimu ikakhotera kumanja, umalimbitsa masipoko ochokera kumanzere n'kumasulako a kumanja, pang'onopang'ono, gawo limodzi mwa magawo anayi a mzungulo nthawi iliyonse, kenako n'kuzunguzanso wilo. Alamu ankafuna kupotokola kamodzi n'kamodzi, ine n'kuwakumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wilo litawongoka, kuika mphira kunali kosavuta. Ndi Allen key ya mamilimita 5 tinaika mphira iliyonse kuti igone yonse pa rimu, osakhudza tayala, osalendewera kunsi. Pomanga tinapanikiza kachidutswa ka katoni kumapeto a kumbuyo a mphira, kuti mbali ya kutsogolo izifika pa rimu poyamba. Kupendekeka kochepa kumeneku, kwa pafupifupi milimita imodzi, ndiko kumathetsa kulira. Tinakoka waya mpaka mpata wa pakati pa mphira ndi rimu unatsala mamilimita awiri, n'kusintha tizikuluwu ta m'munsi mwa mikono kuti mbali zonse ziwiri zizibwerera mofanana. Pomaliza tinaweramitsa zogwirira kuti zilunjike mmene mkono umatsikira, n'kuzisunthirako mkati kuti zala ziwiri zizigwira kunsonga kwake, kumene kukoka kumapepuka.

Kenako inafika nthawi yoyesa. Ndinalemba mzere pamsewu wa fumbi. Alamu anachokera kutali akupalasa mwamphamvu, ndipo pofika pamzerepo anafinya ndi mphamvu zimene anazolowera. Njinga inaima nji! Wilo la kumbuyo linanyamuka, alamu anatsetserekera kutsogolo kwa chishalo akufuula kuti "Mayo ine!", n'kutera ndi mapazi onse awiri. Kunagwa phwete. Mlongo wanga analuluta ali pakhomo. Alamu anayang'ana mzere, anayang'ana wilo, kenako anandiyang'ana ine.

"Alamu, mwaikamo chiyani?"

"Sopo, alamu."

Anabwerezabwereza mpaka fumbi linadzaza msewu, akuseka okha. Mpamene ndinawaphunzitsa chimene ambiri kwathu amachiopa. Munthu akamanga mabuleki, kulemera kwake kumakankhikira kutsogolo. Wilo la kumbuyo limapepuka n'kuyamba kukhwekhwereza, pamene la kutsogolo limakanirira pansi. Choncho buleki ya kutsogolo ndiyo imaimika njinga kwenikweni. Chofunika n'kufinya zonse ziwiri mowonjezera pang'onopang'ono, mikono itawongoka, thupi litasunthira kumbuyo. Pamatope ndi pamchenga, makamaka pokhota, ya kutsogoloyo umaifinya mofatsa kuti wilo lisaterereke.

Lero njingayi yasintha mbiri. Zogwirira zimaluma zisanafike ndi pakati pomwe, ndipo zala ziwiri zimakwana. Alamu amamangirira zigubu ziwiri za malita 20 popita kotunga madzi, n'kuima pamene akufuna. Akafika pamphambano ya msewu wa tala saponyanso mapazi pansi akali kutali. Mlongo wanga anabweza lumbiro lake. Ana a mpira ndiwo akudandaula, chifukwa njinga imene inkawachenjeza ili patali tsopano imafika mwakachetechete, belu n'kulira ili kale pambuyo pawo. Anansi a ku Lesotho ndi a ku Eastern Cape ayamba kubweretsa njinga zawo Lamulungu, ndipo alamu, amene ankanditcha mneneri, ndiwo amagwira sandipepa n'kumalongosola m'Chifanakalo chawo chothyokathyoka.

Wina anabwera ndi njinga ya disiki yosaima, ndipo mankhwala anali omwewo: kupukuta disiki ndi sipiriti, kusintha timapadi tomwe tinamwa oyilo, kenako kumanga mabuleki mobwerezabwereza pamtsetse kuti tatsopanoto tizolowerane ndi disiki.

Zonse zimene alamu anagula sizinafike R250. Chokhacho chimene sopo sangachize ndi rimu yodyeka. Mukapapasa n'kumva kuti pamene pamagwira mphira palowa mkati, isintheni isanang'ambike muli pamsewu. Kupatula apo, inu a njinga kuno ku Nkaneng ndi kwina kulikonse, mvula isanayambe gadabuzani njinga yanu, tsukani marimu, onani mphira, sinthani waya wa dzimbiri ndipo wongolani wilo. Mukatero musanapite kushopu, mudzapeza kuti mabuleki amphamvu munali nawo kale.