MIPENI YA MAFUMU A MUGHAL

Tikamva mawu akuti mpeni timaganiza za kutumbula nsomba kapena kuzinga mbuzi. Koma ku India, m'nthawi ya mafumu a Chisilamu otchedwa Mughal, amene ufumu wawo anauyamba Babur m'chaka cha 1526, kunali mipeni ina yomwe ntchito yake yeniyeni sinali kudula. Inali ngati kalata ya mfumu.

Mfumu Jahangir, yomwe inalamula kuyambira 1605 mpaka 1627, inkalemba zochitika za moyo wake m'buku lotchedwa Jahangirnama. M'bukumo timawerenga kawirikawiri kuti mfumu yapatsa nduna kapena kazembe wa nkhondo mkanjo waulemu, hatchi ndi mpeni wa miyala yamtengo wapatali. Wolandirayo ankausomeka m'lamba pabwalo la mfumu, ndipo aliyense ankaona yekha kuti munthuyu ali pafupi motani ndi mwini dziko. Kulandira mpeniwo kunalinso kuvomera kuti ukhala wokhulupirika, ngakhale atakutumiza kunkhondo yakutali.

Mpeni umodzi wokha unkasonkhanitsa maiko ambiri. Diamondi ankachokera ku Golconda, miyala yofiira ya rubi ku Burma, mwala wa jade wopangira chigumbu ku Khotan, ndipo emarodi wobiriwira ankachokera kutali ku Colombia, atabwera ndi zombo za azungu. Chomwe chimatidabwitsa kwambiri ndi luso lotchedwa kundan. Mmisiri ankayenga golide mpaka afewe ngati phula, kenaka n'kumamukanikiza pang'onopang'ono mozungulira mwala uliwonse popanda moto. N'chifukwa chake ankatha kuika rubi ngakhale pa jade osamuswa. Mpeni wina wa nthawi ya Jahangir, womwe uli m'gulu la zinthu zakale za banja la al-Sabah ku Kuwait, uli ndi timiyala toposa 2,000 pachigumbu ndi pachimake. Tangoganizani maso a munthu amene anatiika kamodzikamodzi, kopanda magetsi!

Tisabise, kudzikongoletsa kotereku kunapyola muyeso. Mabuku a Hadisi amanena za siliva pa chigumbu cha lupanga la Mtumiki (S.A.W.). Komabe luso la amisiriwo silingakanidwe, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti maina a ambiri mwa iwo sanalembedwe pena paliponse. Ngakhale mpeni wa Shah Jahan umene unagulidwa pa mtengo wopitirira madola 3 miliyoni ku New York mu 2019 umadziwika ndi dzina la mfumu basi.

Mmodzi amene dzina lake linapulumuka ndi Ustad Daud. M'chaka cha 1621 chinthu choyaka chinagwa kuchokera kumwamba kufupi ndi Jalandhar, ku Punjab. Mkulu wa deralo anapeza nthaka itapsa, ndipo atakumba anatulutsa chitsulo chikadali chotentha, cholemera pafupifupi makilogalamu awiri. Anachitumiza kwa Jahangir, ndipo mfumu inalamula Ustad Daud kuti asule zida. Mmisiriyo anauza mfumu mosaopa kuti chitsulocho pachokha chimanyenyeka pansi pa nyundo. Choncho anasakaniza magawo atatu a chitsulo chakumwambacho ndi gawo limodzi la chitsulo wamba, ndipo anasula malupanga awiri ndi mipeni iwiri. Umodzi mwa mipeniyo ulipobe, ndipo ukusungidwa ku Freer Gallery mu mzinda wa Washington.